Kamfuti ka M'chiuno mwa Darrell

"Ndikufunsa komaliza, bambo a Shelby. Mfuti ya bambo anga ili kuti?"

Darrell sadadzutse mutu. Adapitiriza kupaka jamu pa buledi ngati kuti mkazi wake akulankhula ndi firiji.

"Ndati ili kuti? Ndatsegula kabati ija, mwangotsala kansanza kopukutira ndi botolo la mafuta."

"Tatsitsa mawu, Glenda. Ukufuna apongozi amve?"

"Kodi pali choti asamve?"

M'chipinda chochezera munkamveka gu, khwee, gu, khwee. Adali a Hershel, bambo ake a Glenda, akuyeserera kuyenda ndi chitsulo chawo cha miyendo inayi. Sitiroko idawaumitsa mbali ya kumanzere mu Malichi, ndipo chiyambire pamenepo m'mawa uliwonse ankakoka mwendo wakufawo kuchokera pampando kukafika pazenera. Adali atalumbira kuti nyengo yosaka agwape ikatsegulidwa kumapeto kwa Novembala, adzakwera ndi miyendo yawo kuphiri la kuseri kwa nyumba. M'mawa umenewo ndiwo adauza mwana wawo kuti awatulutsire mfuti aipake mafuta.

Darrell adaika mpeni pansi, n'kuimirira. Adasuzumira kaye kuchitseko, kenaka adakweza malaya. Pansi pa mimba yake, pakati pa lamba ndi mchombo, padakanirira kanthu kakuda kosaposa chikhatho.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Chitetezo cha banja lino."

"Ine ndafunsa mfuti ya bambo."

"Ndinasinthitsa kwa Lonnie. Anandipatsa aka, kachikwama kake ndi zipolopolo. Ndipo anandikomera mtima, chifukwa chimfuti chija chinali chitatha, thabwa lake zipsera zokhazokha."

"Zipsera zimenezo ndi nyama imene mwakhala mukudya m'nyumba muno chilowereni."

"Apongozi anandipatsa okha."

"Anakusungitsani, adokotala atanena kuti munthu wonjenjemera asagone nayo kuchipinda. Munthu akakusungitsani mbuzi mumakaisinthitsa ndi mphaka?"

"Vuto lako sudziwa mmene dziko lilili panopa." Darrell adatsitsa malaya, n'kusisita pamimba mwachikondi. "Anthu tilipo mitundu itatu. Pali nkhosa, pali mimbulu, ndiye pali agalu olondera nkhosa."

"Ndiye pa zonsezo inu mwasankha kukhala galu."

"Seka. Tsoka silinunkha."

"Chibadwire changa m'chigwa muno, wakuba amene ndinamuonapo ndi chimbalangondo chimene chinagwetsa bini ya zinyalala. Chitseko sitikiya n'komwe. Mmbulu wanuyo adzabe chiyani, makina ochapira akufa ali pakhondewo?"

"Sunaone zimene zachitika m'tauni ija?"

"Tauni iti?"

"Ina yake. Zinali pa foni."

Pa foni. Amuna a m'chigwa mwathu muno, amene agogo awo ankalowa m'migodi ya malasha ndi kanyali pamphumi osaphethira, lero akunjenjemera ndi zimene akuona pa foni. Darrell ankati akaweruka kumacheka kumene ankagwira ntchito, ankagona pasofa n'kumamvera anyamata andevu akum'phunzitsa umuna. Glenda ankayesa ndi chimfine choti chitha chokha.

"Nanga nyengo yozizira ino tidya chiyani?" adafunsa Glenda. "Firiji yaikulu ija ili mbee. Kapena gwape mukamuwombera ndi kachidole kameneko?"

"Si kachidole. Ndipo kamakhala kokonzeka, chipolopolo chimodzi chili kale m'khosi mwake, chongodikira chala. Mmbulu sadikira kuti uyambe wakoka."

"Mwaloza kumene mwalozako, chipolopolo chili m'khosi? Chabwino. Mwayi wake Shelby tinabereka kale."

Darrell adatenga chipewa chake n'kutuluka, buledi atamuluma kamodzi kokha. M'chipinda chochezera chitsulo chidasiya kulira.

"Glenda," adaitana a Hershel. "Waipeza?"

"Ndikubwera, bambo. Ndachedwa kuntchito."

Glenda ankaphika kukhitchini ya sukulu ya pulayimale. Tsiku limenelo atatsuka miphika adayendetsa galimoto kupita kutauni, kusitolo ya Lonnie. Kale sitoloyo inkanunkha mafuta a mfuti ndi nyambo za nsomba, ndipo amuna ankakhalamo tsiku lonse kunamizana za kutalika kwa nyanga za agwape. Tsopano mfuti zosakira adazikankhira pakona. Kutsogolo konse kudali magalasi odzaza timfuti tating'ono, togonekedwa pansalu yofewa ngati mphete zaukwati, ndipo pakhoma padali chithunzi cha munthu wobisa nkhope akuthyola zenera.

"Mwana wa a Hershel uyu," adatero Lonnie akumwetulira. "Madala akupeza bwanji?"

"Akupezako bwino kuposa chikumbumtima chanu, a Lonnie. Ndabwera kudzatenga mfuti yawo."

"Ija? Sinagone n'komwe muno. Kunabwera bwana wina wa ku Ohio, wamanga nyumba yopumulirako kumtsinje. Akuti akaipachika pakhoma kuti alendo aziiona."

"Amasaka?"

"Ameneyo? Ataona magazi a nkhuku akhoza kukomoka."

"Munkadziwa kuti ndi ya bambo. Mwaikonzapo kangati ndi manja anu omwewo?"

"Mwamuna wako anati anapatsidwa. Ine ndilowerere za m'banja mwa eni? Madzi akatayika saoleka, mlongo wanga."

"Ndipatseni nambala ya bwanayo."

"Za makasitomala sitiulula. Iwenso sungakondwe nditaulula zako." Lonnie adatsegula galasi n'kutulutsa kamfuti kapinki. "Koma poti wabwera kale, taona aka. Azimayi akukalimbirana. Kamalowa m'kachikwama ka m'manja, ngakhale m'kamisolo. Iwe si umatseka wekha kukhitchini kuja anzako atapita? Unayamba waganizapo?"

"Amene ndimakumana naye ndikamatseka ndi khoswe, ndipo timadziwana. Inu mukugulitsa mantha, a Lonnie. Mfutizi n'zongoikirapo."

Lonnie adaseka mpaka mimba kugwedera. "Mantha sindipanga ine. Amabwera nawo okha, ine ndimangowapatsa pogwira."

Glenda adatuluka m'kamwa mukuwawa ngati watafuna ndulu. Chimene chidamunyansa kwambiri n'chakuti munthuyo sankaona cholakwa chilichonse, ndipo pakhomo adamutsanzika kuti akapereke moni kwa madala.

Nkhaniyo a Hershel adaimva m'mawa mwake, ali panja. Adali atayamba kuyeserera pabwalo, kulinga kumtengo wa maapulo umene uli poyambira njira ya kuphiri. Glenda adawagwira m'khwapa mbali yakufayo, n'kunena zonse osawayang'ana kumaso.

Mkuluyo adaima. Mpweya unkatuluka m'kamwa mwawo ngati utsi chifukwa cha kuzizira.

"Wasinthitsa ndi chiyani?"

"Kamfuti ka m'chiuno."

"Kophera chiyani?"

"Anthu, bambo."

"Wam'lakwira ndani?"

"Palibe."

"Hm." Adayang'ana kuphiri nthawi yaitali. "Yanga ija inkayenda paphewa. Aliyense ankaiona n'kudziwa kuti Hershel akupita kokasaka, mwina madzulo tilawa chiwindi. Nanga munthu wobisa mfuti m'buluku akupita kuti?"

"Ndimuuze alongedze, bambo? Nyumba ino ndi yanu."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwana wanga. Ndi bambo wa mdzukulu wanga." Adapukuta malovu amene ankatsikira mbali yopuwala ya mlomo. "Mlamu wako Wade ali nazo ziwiri. Mfuti ndibwereka. Miyendo ndiyo sabwereka. Tandigwira bwino, tiye."

Sadaitchulenso mfutiyo. Koma Glenda adaona kuti madzulo amenewo chakudya adangochitokosa.

Masabata otsatirawo m'nyumbamo mudali anthu awiri oyeserera. A Hershel ankayeserera kuyenda. Adataya chitsulo chija n'kutenga ndodo, ndipo mwendo wa kumanja unkagwira ntchito ya miyendo iwiri. Adaupitirira mtengo wa maapulo, adafika pampanda, kenaka tsiku lina Glenda adawapeza atakhala pachitsa kutsidya kwa mpanda, thukuta lili kamukamu, akuseka okha. Darrell naye ankayeserera, kutsogolo kwa galasi la kuchipinda. Ankakweza malaya ndi dzanja limodzi, kusolola ndi linalo, kuloza chithunzi chake, n'kubwezeramo. Munthu wa imvi m'ndevu, wa mwana woti akumaliza maphunziro a unamwino kutauni.

Kamfutiko kankapita naye kulikonse. Kumalo odyera ankakana mpando wofulatira chitseko. Kuchimbudzi ankakaika pamwamba pa thanki ya madzi, ndipo kawiri konse Glenda adakapeza pomwepo mwini wake ataiwala. Kutchalitchi adawerama kuti atole buku la nyimbo, chogwirira chake chidasuzumira, ndipo Glenda adafuna nthaka itseguke. Adayembekeza kuti abusa anenapo kanthu. Mapemphero atatha adawaona pakhomo akunong'onezana ndi Darrell, kenaka abusawo adakweza pang'ono jekete lawo n'kumuonetsa kawo.

Lachisanu lina mkazi wa a Tackett, oyandikana nawo nyumba, adakumana ndi Glenda pabokosi la makalata n'kutembenuka osayankha moni. Glenda adadikira Darrell pakhonde.

"Mwawatani a Tackett?"

"Galu wawo wakumbanso pansi pa mpanda. Ndinangopita kukawauza."

"Munawauza ndi pakamwa?"

"Ndi chiyaninso? Ndinangodzikanda pamimba, malaya n'kukwera. Ngati anaona kanthu ndi maso awo."

"A Tackett amene anatikokera galimoto yathu itatitimira m'chipale chofewa chaka chatha? Amene anawanyamula bambo tsiku la sitiroko, inu muli kuntchito?"

"Sindinawaopseze. Koma aone kuti Darrell si wosewera naye."

"Kale akakulakwirani munkatukwana, iwo n'kutukwana, Loweruka n'kumwera limodzi mowa. Panopa munthu angakuyankheni bwanji, akudziwa chili pamimbapo?"

"Ndiwo ulemu umenewo."

"Amenewo ndi mantha, ndipo mimbulu munkaisaka ija mwayamba kuipanga nokha. Chichoke m'nyumba muno chinthucho, bambo a Shelby. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Tsiku lidzafika udzandithokoza."

"Wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu."

"Miyambi siimitsa chipolopolo," adatero Darrell, n'kumulambalala kulowa m'nyumba.

Usiku umenewo Glenda adasamukira kuchipinda cha Shelby. Sadathe kugonanso pafupi ndi munthu amene ankavula buluku mosamala ngati muli mazira.

Nyengo yosaka idatsegulidwa Lolemba, ndipo phiri lonse lidayamba kulira mfuti. A Hershel ankamvetsera ali pazenera n'kumatchula kuti iyo ndi ya uje, iyo waphonya. Wade, mwamuna wa Lorna, mng'ono wake wa Glenda, adalonjeza kuti awatenga Lachisanu. Adawakonzera mpando pansi pa mtengo wa paini, pamalo amene agwape amadutsa popita kumadzi, ndipo adati mtunda wake ndi woti ndodo ikwanitsa. Mkuluyo adatulutsa jekete lake lofiirira n'kulipachika pachitseko ngati mwana woyembekeza tsiku loyamba la sukulu.

Lachinayi lidali tsiku la phwando la Kuthokoza. M'nyumba ya a Hershel phwandoli limadyedwa masana, alenje akatsika kuphiri, ndipo lamulo lake ndi limodzi kuyambira nthawi ya makolo awo. Mfuti zonse zimatsala pakhonde, zitatsegulidwa, kuti aliyense wodutsa aone ndi maso ake kuti m'mimba mwake mulibe kanthu. Wade adafika ndi matope m'nsapato, adatsegula yake, adasuzumiramo, adapisamo chala, n'kuitsamiritsa pakhoma. Sadachite kuuzidwa.

Adakhala patebulo. A Hershel kumutu, Darrell kudzanja lawo lamanzere, Wade ndi Lorna mbali inayo. Shelby adali ataimba foni kuti ali pantchito kuchipatala kumene ankaphunzira. Glenda adali akadali kukhitchini, akutulutsa nkhukundembo mu uvuni, ndipo zonse ankazimva chifukwa chitseko chidali chotsegula.

"Tisanapemphere," adatero a Hershel. "Akamwini, khonde lili uko."

"Ine ndilibe mfuti yosakira, apongozi."

"Chifukwa chake tikuchidziwa tonse. Ndikunena chili m'bulukucho."

Lorna adayang'ana m'mbale mwake. Wade adatsokomola.

"Lamulo la boma limandilola kuyenda nako paliponse," adatero Darrell.

"Boma lili ndi nyumba yake ku Charleston. Ino ndi yanga."

"Ndiye wina atathyola chitseko panopa, tonse tili pano ngati nkhosa?"

"Adzatipeza tikudya, tidzam'patsa mpando. Bambo anga sanadye ndi mfuti patebulo ili, ine sindinadye nayo, ndipo sindiyamba lero chifukwa cha munthu woopa chithunzithunzi chake."

"Tangokaikani pakhonde, mlamu," adatero Wade mofatsa. "Chakudya chikuzizira."

"Iwe usandilamule. Pakhomo pano ndakhalapo nthawi yaitali kuposa iwe."

"Mwakhalapo nthawi yaitali, inde," adatero a Hershel. "N'chifukwa chake mwayamba kugulitsa za m'kabati."

Khosi la Darrell lidafiira mpaka m'makutu. Adakankha mpando, adasolola kamfutiko, adadina pambali, ndipo kabokosi ka zipolopolo kadagwera m'dzanja lake. Adakamenyetsa patebulo pafupi ndi mbale ya mbatata zopondaponda.

"Mwakhutira? Zipolopolo zanu izo. Tsopano ndi chitsulo chabe."

"Kokani kumbuyo tione m'kati," adatero Wade. "Timfuti timeneti si ngati zathu zija."

"Undiphunzitse iwe? Ndinayamba kugwira mfuti iwe ukuyamwa."

Glenda adali pachitseko, mbale yotentha ili m'manja onse awiri. Adakumbukira zimene mwamunayo adadzitama nazo m'khitchini momwemo. "Bambo a Shelby, nanga chipolopolo cha m'khosi chija..."

"Mulibe kanthu muno. Onani."

Adaloza pansi pa tebulo n'kukhethemula.

Phokoso la mfuti m'nyumba si lofanana ndi la kuphiri. Makutu adatsekeka, ndipo kwa kanthawi aliyense adangoona pakamwa pa mnzake pakuyenda. Nkhukundembo idali pansi, msuzi ukuyenderera kulowera pansi pa kabati. A Hershel adali chikhalire, nkhope yodabwa, dzanja lawo labwino litagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Wandimenya ndi chiyani?" adafunsa.

Glenda adagwada n'kukweza nsalu ya patebulo. Lidali bondo la kumanja.

Wade ndiye adavula lamba n'kumanga ntchafu. Lorna ndiye adaimba foni. Ambulansi kuti ifike m'chigwa mwathu imatenga nthawi, choncho adawanyamulira m'galimoto ya Wade kuti akakumane nayo kumsewu waukulu, ndipo amene adathamanga kudzathandiza kunyamula, atamva kulira kwa Lorna, adali a Tackett. Darrell adangoima pakhoma, kamfuti kali m'manja, akubwereza mawu amodzimodzi kuti adachotsa, onse adaona kuti adachotsa.

Dokotala adalankhula ndi Glenda m'mawa mwake, m'khonde la chipatala cha kutauni yaikulu. Adali mayi wotopa, wolankhula mosazungulira. Adati chipolopolocho chidali cha mtundu umene umatambasuka ukalowa m'thupi, ndipo bondo adalipeza lili zidutswa. Adayesetsa, koma mitsempha ya munthu wamkulu, wodwalanso kale, sidalole. Mwendo adaudula pamwamba pa bondo.

"Adzayendanso?"

"Ukanakhala kuti winawo ndi wamphamvu, tikanayesa mwendo wopanga. Koma mukuudziwa mmene ulili. Muyambe kuganiza za njinga ya olumala, ndi mmene mungakonzere makwerero a pakhomo."

Glenda adathokoza, poti munthu umathokoza. Atatembenuka adaona Darrell kumapeto kwa khonde, pafupi ndi makina ogulitsa khofi, ali ndi wapolisi. Wapolisiyo adali mnzake wa kusukulu, ndipo dzanja lake lidali paphewa la Darrell. Glenda adayandikira osaonedwa.

"Ndalemba kuti ngozi," ankatero wapolisiyo. "Usadzizunze, achimwene. Zimachitika. Mlamu wanga chaka chatha anaboola firiji, mkaka mbwee m'nyumba monse."

Adaseka motsitsa, onse awiri.

"Nanga kamfuti kanga?" adafunsa Darrell. "Ndikatenga liti?"

"Akulu akangosaina. Sabata yamawa kapena inayo."

"Musakakande. N'katsopano."

Glenda adachoka pamalopo. Adalowa m'chimbudzi cha azimayi n'kusanza khofi yense amene adamwa, ndipo ngakhale atatsuka m'kamwa kunyansidwako sikudachoke. Sikudali kunyansidwa ndi Darrell yekha. Adanyansidwa ndi wapolisiyo, ndi Lonnie, ndi abusa ndi jekete lawo, ndi chigwa chonse chimene pofika Lamulungu chidzakhala chikunena kuti Darrell ndi womvetsa chisoni, tsoka lamugwera.

Glenda atalowa m'chipinda, a Hershel adali maso. Adali aang'ono pabedipo, ndipo bulangete mbali ya kumanja lidagona lathyathyathya kuyambira pakati. Adali ataona kale.

"Lero ndi Lachisanu?" adafunsa.

"Eya, bambo."

"Wade wapita?"

"Ali panja. Sanapite."

"Umuuze apite. Kwazizira bwino, agwape ayenda lero." Adayang'ana kudenga. Kenaka adagwedeza zala za phazi la kumanzere, limene miyezi yonseyi ankalikoka ngati thumba. Zidasuntha pang'ono. "Glenda, ndiye kuti mwendo wanga wabwino tsopano ndi uwu?"

Glenda adakhala pambali pa bedi. Adawagwira dzanja n'kuika chipumi chake pamenepo, ndipo mkuluyo ndiye adayamba kumusisita mutu.

Chitseko chidatseguka pang'ono. Darrell adasuzumira n'kumukodola. Glenda adapukuta m'maso n'kutuluka, n'kutseka chitseko kumbuyo kwake kuti bambo ake asamuone munthuyo. Darrell maso adali ofiira, ndevu zosapesa, ndipo pansi pa malaya kachikwama kopanda kanthu kadali kakadali pa lamba.

"Ali bwanji apongozi?"

"Alibe mwendo."

"Ndikudziwa. Sindinagone, Glenda. Ndikawapangira njira ya matabwa pakhonde, ndiyamba mawa lomwe. Ndipo mlandu ndi wa kamfuti kaja, kalibe chotsekera. Lonnie wandiimbira, akuti mtundu umenewo anthu ambiri akuudandaula."

"Lonnie wakuimbirani."

"Wamva chisoni kwambiri. Wati andibwereka kena kabwinopo, ndigwirizire mpaka apolisi abweze kanga. Ndikadutsa konko pobwerera." Adatsitsa mawu, n'kumugwira pamkono. "Taganiza, nkhani yamveka kale chigwa chonse. Aliyense akudziwa kuti pakhomo paja patsala mayi ndi nkhalamba yopuwala. Sitingagone m'nyumba yopanda chitetezo."

Glenda adayang'ana dzanja limene lidamugwiralo mpaka lidachoka lokha. Kenaka adatambasula lake, chikhatho m'mwamba.

"Makiyi."

"A galimoto?"

"A nyumba ya bambo anga."

"Iwe, chitseko chija si unati sitikiya?"

"Tiyamba lero," adatero Glenda, ndipo dzanja sadalitsitse.